Almon Strowger: wokonza maliro yemwe adasintha kaimbidwe ka lamya

Munthu yemwe adapeka makina olumikiza lamya popanda dzanja la munthu sadali injiniya, ndipo luso la magetsi sadaliphunzire kusukulu ya ukachenjede. Adali wokonza maliro wa ku America yemwe adapsa mtima poona kuti makasitomala ake akuthera kwa mnzake wopikisana naye pabizinesi.

Dzina lake lidali Almon Brown Strowger. Adamwalira m'chaka cha 1902, koma funso lomwe lidamusowetsa tulo likadalipo m'mabanki, m'zipatala ndi m'makampani a mafoni: munthu akaimba lamya, amene amasankha komwe lamyayo ikagwere ndani?

Mwana wa ku Penfield

Strowger adabadwa pa 11 Febuluwale 1839 m'tauni ya Penfield, kufupi ndi mzinda wa Rochester, m'chigawo cha New York. Agogo ake adali m'gulu la anthu oyamba kukhazikika m'deralo ndipo adali ndi chigayo.

Atakula adayamba uphunzitsi kwawo komweko. Koma m'chaka cha 1861 m'dziko la America mudabuka nkhondo ya pachiweniweni pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera, ndipo nkhani ya ukapolo ndiyo idali pamtima pa mkanganowo. Mnyamatayu adasiya choko nkulowa m'gulu la asilikali okwera pa mahatchi la 8th New York Cavalry, lomwe linkamenyera mbali ya kumpoto. Adakwezedwa mpaka kufika paudindo wa lefutenanti.

Nkhondo itatha m'chaka cha 1865, iye adabwerera m'kalasi. Kenako adalowera chakumadzulo, komwe matauni ankamera ngati bowa, ndipo adayamba bizinesi yokonza maliro. Adagwirako ntchitoyi m'chigawo cha Kansas, kuphatikizapo mumzinda wa Topeka, asadakakhazikike ku Kansas City m'chigawo cha Missouri.

M'midzi yambiri ya kuno, zovuta zikagwa adzukulu ndiwo amakumba manda, amayi amaphika, ndipo mudzi wonse umathandizana. M'matauni a ku America zidali zosiyana. Kukonza thupi, bokosi ndi ngolo yonyamula maliro zidali m'manja mwa munthu wabizinesi, ndipo abizinesi otere ankalimbirana makasitomala. Banja loferedwa silikhala ndi nthawi yoyendayenda kufunsa mitengo. Yemwe wamva uthenga poyamba ndiye ankatenga ntchito. Nchifukwa chake lamya idali chuma kwa munthu ngati Strowger.

Lamya za masiku amenewo

Alexander Graham Bell adalandira chiphaso cha boma cha umwini wa luso la telefoni m'mwezi wa Malichi 1876. Poyamba lamya zinkabwereketsedwa ziwiriziwiri, waya nkuchoka panyumba ina kukathera panyumba inzake. Wofuna kulankhula ndi anthu khumi akadafunika mawaya khumi.

Vutoli lidatha ndi ekisichenji, nyumba yomwe mawaya onse a m'tauni ankakumaniramo. Yoyamba yochitira malonda idatsegulidwa ku New Haven m'chigawo cha Connecticut mu Januwale 1878, ndipo idali ndi makasitomala 21.

Mu ekisichenjimo munkakhala opaleta patsogolo pa switchibodi, thabwa lalikulu lokhala ndi timabowo tambirimbiri. Woimba ankapukusa chogwirira cha lamya yake, opaleta nkuyankha, woimbayo nkutchula yemwe akumufuna. Apo opaleta ankatenga chingwe nkusomeka mbali imodzi m'bowo la woimba, mbali ina m'bowo la woimbiridwa.

Oyamba kulembedwa ntchitoyi adali anyamata, koma ankachita chibwana ndi kuyankha makasitomala mwamwano. Pa 1 Sepitembala 1878 mayi wina wa ku Boston, Emma Nutt, adakhala opaleta woyamba wamkazi, ndipo pasadapite nthawi ntchitoyi idasanduka ya amayi.

M'tauni yaing'ono opaleta ankadziwa aliyense. Ankadziwa komwe dokotala wapita, nyumba yomwe kuli matenda ndi banja lomwe likukangana. Ambiri ankathandiza anthu ndi mtima wonse. Komabe mphamvu yonse idali m'manja mwawo. Munthu akangoti akufuna wokonza maliro osatchula dzina, opaleta ndiye ankasankha womupatsa.

Mkwiyo ubala luso

Nkhani yomwe yakhala ikukambidwa kwa zaka zoposa 100 imati opaleta wa m'tauni yomwe Strowger ankachitira bizinesi adali mkazi wa wokonza maliro mnzake. Ena amati adali wachibale chabe. Akuti oferedwa akaimba kufuna Strowger, mayiyu ankawalumikiza kwa mwamuna wake, kapena ankawauza kuti lamya ya Strowger ikulankhulidwa.

Strowger, yemwe ankadziwika kuti sachedwa kupsa mtima, adakhulupirira kuti akuberedwa. Sadalimbane ndi mayiyo. Adaganiza zochotseratu opaleta pakati pa woimba ndi woimbiridwa, kuti mwini lamya adzisankhire yekha womufuna.

Chitsanzo chake choyamba adachipanga ndi zinthu za m'nyumba. Masiku amenewo makolala a shati za abambo adali ochotsa, ndipo ankasungidwa m'kabokosi kozungulira. Iye adatenga kabokosi kotere nkubayamo mapini m'mizeremizere. Pini iliyonse inkaimira waya wa kasitomala mmodzi. Pakati pa kabokosiko adaganiza zoikapo kamkono kachitsulo koti kadziyenda nkukhudza pini yomwe woimba wasankha.

Pa 12 Malichi 1889, ali ndi zaka 50, adapereka pempho lake kuofesi ya boma yoona za umwini wa maluso. Chiphaso chidatuluka pa 10 Malichi 1891, ndipo nambala yake ndi 447,918.

Kukhala ndi nzeru papepala nkwina, kupanga makina ogwira ntchito nkwinanso. Mutu umodzi susenza denga. Strowger adathandizidwa ndi mwana wa mbale wake, Walter Strowger, komanso anthu awiri abizinesi, Joseph Harris ndi Moses Meyer, omwe adabweretsa ndalama. M'chaka cha 1891 adakhazikitsa kampani ya Strowger Automatic Telephone Exchange Company mumzinda wa Chicago.

La Porte iyamba

Pa 3 Novembala 1892, m'tauni ya La Porte m'chigawo cha Indiana mudatsegulidwa ekisichenji yoyamba yochitira malonda yopanda opaleta. Idayamba ndi makasitomala pafupifupi 75. Eni kampani ankaitsatsa kuti ndi lamya yopanda mtsikana pakati, yosatukwanitsa, yosawonongeka komanso yosadikiritsa.

Kunena zoona, lamya zoyambazo zidali zovuta. Padalibe kagudumu kozungulitsa ndi chala. M'malo mwake padali mabatani: lina la mahandiredi, lina la makumi, lina la manambala otsiriza. Wofuna nambala 73 ankadina batani la makumi kasanu ndi kawiri, kenako lotsiriza katatu. Akasokoneza kuwerenga, lamya inkalira kunyumba ya eni. Komanso nyumba iliyonse inkafunika mawaya asanu opita ku ekisichenji, zomwe zinkadya ndalama zambiri.

Omwe adakonza zofookazi adali mainjiniya a kampaniyo: Alexander Keith ndi abale awiri, John ndi Charles Erickson. M'chaka cha 1896 atatuwa adapempha chiphaso cha kagudumu kokhala ndi mabowo a zala, ndipo adachilandira mu 1898. Awa ndiwo makolo a lamya zopukusa ndi chala zomwe achikulire amazikumbukira m'mapositi ofesi ndi m'maofesi a boma.

Momwe makinawa ankagwirira ntchito

Munthu akalowetsa chala pabowo la 5 nkuzungulitsa, kagudumu kankabwerera kokha pang'onopang'ono. Pobwererapo kankadula magetsi a m'waya kasanu, pa liwiro la pafupifupi maulendo 10 pa sekondi. M'maiko ambiri nambala 0 inkadula magetsi kakhumi.

Ku ekisichenji, kudukaduka kwa magetsiku kunkakoka maginito omwe ankayendetsa kamkono kachitsulo. Patsogolo pa kamkonoko padali mizere 10, mzere uliwonse wokhala ndi malo 10 okhudza, onse pamodzi 100. Nambala yoyamba inkakweza kamkono m'mwamba mpaka pamzere woyenera. Yachiwiri inkakazungulitsa cham'mbali mpaka pamalo oyenera. Munthu akaimba 58, kamkono kankakwera masitepe asanu nkuzungulira asanu ndi atatu, ndipo lamya ya nambala 58 inkalira.

M'mizinda yokhala ndi makasitomala zikwizikwi, makina otere ankalumikizidwa mondondozana. Oyamba ankalandira nambala yoyamba nkusaka okha makina otsatira omwe sakugwira ntchito, amenewo nkulandira nambala yachiwiri, mpaka otsiriza omwe ankalandira manambala awiri omaliza. Lamya inkayenda ngati katundu wopatsirana manja pamzere. Olowa mu ekisichenji yotere ankakumana ndi phokoso la zitsulo losalekeza, ndipo amisiri ozolowera ankazindikira makina owonongeka pongomvetsera.

Adagulitsa msanga

Strowger sadakhalitse m'kampani yotchedwa dzina lake. Thanzi lake lidayamba kuvuta. Olemba mbiri amati m'chaka cha 1896 adagulitsa umwini wa luso lake kwa anzake pamtengo wa madola 1,800, ndipo mu 1898 adagulitsanso gawo lake la m'kampani pamtengo wa madola 10,000.

Adasamukira ku St. Petersburg m'chigawo cha Florida, komwe kumatentha, ndipo adayambiranso ntchito yake yakale yokonza maliro. Adamwalira pa 26 Meyi 1902 ali ndi zaka 63, ndipo adaikidwa m'manda a Greenwood mumzinda womwewo.

Ndalama zenizeni zidabwera iye atachoka. Ziphaso zikuluzikulu za Bell zitatha mphamvu mu 1893 ndi 1894, m'dziko la America mudabadwa makampani ambiri a lamya oima paokha, ndipo ena mwa iwo ndiwo ankagula makina a Strowger. M'chaka cha 1901 padakhazikitsidwa kampani ya Automatic Electric yopanga makinawa. Mu 1916, patatha zaka 14 mwini wake ali m'manda, kampani ya Bell idalipira madola 2.5 miliyoni kuti idzigwiritsa ntchito lusoli.

Kampani ya Bell idachedwa kulandira makinawa chifukwa idali ndi maopaleta ambiri ophunzitsidwa bwino, ndipo inkaona kuti si bwino kusenzetsa kasitomala ntchito yodzilumikizira yekha. Koma lamya zidachuluka, malipiro adakwera, ndipo mu Epulo 1919 maopaleta zikwizikwi a ku Boston ndi madera ozungulira adanyanyala ntchito, lamya nkukhala chete kwa masiku angapo. Chakumapeto kwa chaka chomwecho Bell idatsegula ekisichenji ya makina a Strowger ku Norfolk m'chigawo cha Virginia.

Ku Britain ekisichenji yoyamba yotere yotumikira anthu wamba idatsegulidwa ku Epsom mu 1912. Yomaliza idazimitsidwa ku Crawford m'dziko la Scotland mu Juni 1995. Zikutanthauza kuti makina omwe adayambira pakabokosi ka makolala adatumikira dzikolo zaka 83.

Chitukukochi chidali ndi mtengo wake. Uopaleta udali imodzi mwa ntchito zomwe zinkalemba atsikana ochuluka kwambiri ku America. Mzinda uliwonse ukalandira makina, ntchito zambiri za amayiwa zinkatha.

Makina opanda nzeru

Makina a Strowger adali ndi chilema chimodzi chachikulu: sankaganiza. Chala cha woimba ndicho chinkawayendetsa sitepe ndi sitepe. Njira ina ikadzadza, sankatha kusaka yolambalala, ndipo woimba ankangomva kulira kosonyeza kuti ayesenso.

Akatswiri adaona kuti ndi bwino kulekanitsa ntchito ziwiri: yolumikiza mawaya ndi yosankha njira. Mumzinda wa London, kuyambira mu 1927, adaika chipangizo chomwe chinkayamba chasunga nambala yoimbidwa, nkuimasulira, kenako nkulamula makina a Strowger njira yoti atsate. Mu 1965, ku Succasunna m'chigawo cha New Jersey, kampani ya Bell idatsegula ekisichenji yotchedwa 1ESS, yoyendetsedwa ndi pulogalamu ya kompyuta. Kuyambira pamenepo, kusintha kayendedwe ka lamya kudasanduka nkhani yosintha malangizo a m'kompyuta, osati kumasula mawaya.

Makampani akuluakulu nawo adali ndi maekisichenji awoawo ang'onoang'ono, otchedwa PBX. Makina amenewa amalumikiza lamya za m'maofesi a kampani imodzi ndi kugawira antchito mawaya ochepa ochokera kunja. Wolowa muofesi nkuona wolandira alendo akudina batani kuti apereke lamya kwa bwana, waona PBX ikugwira ntchito.

Swichi ifunsa, kompyuta iyankha

M'makampani olandira lamya zambiri, monga mabanki ndi a ndege, mudabuka vuto lina. PBX inkadziwa lamya yomwe ikulira ndi wantchito yemwe ali chabe, koma sinkamudziwa woimbayo. Kompyuta yaikulu ya kampani, yomwe imasunga mabuku a makasitomala, inkamudziwa woimbayo koma sinkamva kuti lamya ikulira. Kasitomala ankayenera kutchula dzina ndi nambala ya akaunti mobwerezabwereza nthawi iliyonse akamupereka kwa munthu wina.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, opanga makina adalumikiza ziwirizi ndi waya wapadera wodutsa mauthenga okha, osati mawu. Poyamba aliyense adali ndi njira yake. IBM idali ndi CallPath, AT&T idali ndi ASAI, pomwe Northern Telecom ya ku Canada idali ndi Meridian Link. Makina a kampani ina sankamvana ndi a inzake. Mu 1992 bungwe la ECMA, lomwe likulu lake lili ku Geneva, lidatulutsa malamulo amodzi otchedwa CSTA oti makinawa adzilankhulirana.

Zimachitika motere. Lamya ikafika, PBX imaigwira kaye nkutumiza uthenga kukompyuta wonena nambala ya woimba, nambala yomwe waimba ndi mabatani omwe wadina. Uthengawo ndi funso lofuna kudziwa komwe lamyayo ipite. Kompyuta imatsegula mabuku ake nkuona kuti nambalayo ndi ya yani, amalankhula chilankhulo chanji, ali ndi ngongole kapena ayi, ndipo adalankhula ndi yani ulendo watha. Kenako imayankha potchula ekisitenshoni kapena gulu la antchito loyenera. PBX imalumikiza lamya nkudziwitsa kompyuta kuti yatero, ndipo nthawi yomweyo mbiri ya kasitomalayo imaonekera pa kompyuta ya wantchito yemwe akuyankha.

Zonsezi zimatha woimba asadatope nkudikira. Kompyuta ikazima kapena ikachedwa kuyankha, PBX siidikira mpaka kalekale. Nthawi yoikika ikakwana, imatumiza lamyayo panjira yomwe idakonzedweratu, kawirikawiri pamzere wa aliyense. Mbali ziwirizi zimafunsananso pafupipafupi ngati zonse zili moyo. PBX imauza kompyuta wantchito akanyamula lamya, akaipereka kwa mnzake kapena akaidula, kuti mabuku ndi zochitika zisasemphane.

Lero mawu ambiri amayenda pa intaneti ndipo PBX yambiri yasanduka pulogalamu chabe, koma kagawidwe ka ntchito nkomweko: mbali ina imalumikiza, ina imasankha. Woimbira kampani ya foni nkuuzidwa kuti adine 1 pofuna Chichewa, amakhala akudyetsa kompyuta mfundo zoti isankhire.

Opaleta adabwerera

Apa mpomwe nkhani ya Strowger ikupatsa maganizo. Mkuluyu ankafuna kuti pasakhale wina pakati wosankhira woimba. Makina ake sankadziwa wolemera kapena wosauka, mbale kapena mlendo. Ankangowerenga kudukaduka kwa magetsi.

Kompyuta yolumikizidwa ku PBX idabwezeretsa zomwe opaleta wa m'tauni adali nazo: imamudziwa woimba. Ubwino wake ndi woonekeratu. Wodwala akhoza kufika msanga kwa namwino yemwe akudziwa matenda ake, ndipo wobedwa khadi la kubanki akhoza kudumpha mzere. Koma luso lomwelo limalolanso kampani kuika patsogolo kasitomala wa ndalama zambiri, wa zochepa nkumamvetsera nyimbo uku mayunitsi akutha. Kompyuta ilibe mwamuna wokonza maliro woti imukondere, koma imatsata malamulo olembedwa ndi anthu, ndipo woimba saaona malamulowo.

Pamwala woyera wa pamanda a Strowger ku Greenwood padalembedwa dzina lake, udindo wake wa lefutenanti ndi gulu la nkhondo lomwe adatumikira. Za lamya sizidatchulidwepo. Padapita zaka zoposa 40 akuluakulu a makampani a telefoni asadabwere kudzaikapo chikwangwani chamkuwa chokumbukira luso lake.